Makoko a Mizere Yakuda

Loweruka lililonse, kuseri kwa mapaini,
kumtunda kwa mtsinje wa Neckar,
mfuti ya bambo anga Ottmar ikalavula,
khoko la chipolopolo linkauluka mamita khumi, mwina kuposa,
kukagwa m'chipale chofewa n'kudzikumbira kadzenje.
Ine ntchito yanga inali kusaka timaenje timeneto.

Lililonse ndinkalitola likadali lofunda,
lophwanyika pang'ono pakamwa,
mizere yakuda itatsika m'thupi lonse
ngati mphini zotema munthu wa dzanja losanjenjemera.

A Eberhard a kukalabu ankaseka.
"Taya izo, Ottmar. Mkuwa ukadutsa m'mfuti yakoyo
watha ntchito. Ukufuna kudzutsa maliro?"
Bambo duu.
Ndowa yokha ndiyo inkayankha m'galimoto,
ngwe ngwe ngwe mpaka kunyumba.

Zaka makumi atatu ndi zinayi anakhala pafakitale
akusema tingalande m'mimba mwa chitsulo,
malo amene diso silifika popanda tochi.
Tsiku lina anandijambulira kuseri kwa emvulopu ya msonkho.
"Utsi umadutsa umu, Gerlinde, n'kulizinga khoko kunja
kuti lisakakamire khoma.
Popanda tingalande, mfuti ikakoka,
mutu umaduka, thupi n'kutsalira m'kati.
Chogwiritsa chimang'ambika."
Anatero munthu wosunga zingwe za nsapato zoduka.

M'chipinda chapansi munkanunkha mafuta ndi maapozi.
Mwaye unkachoka ndi sopo,
koma mizere inkatsala, yobisala,
diso osaiona, chikhadabo n'kumaimva.
Ankadzoza khoko, kuliika pamakina, kutsamira chogwirira
mpaka mtsempha wa pakhosi kutupa,
mkuwa ukubuula pobwerera mu msinkhu wake wakale.
Koma asanatero, kawaya.
Kawaya kopinda kunsonga, kolowa m'kati mwa khoko,
kukanda pang'onopang'ono cha kutsinde,
iwo atatsinzina ngati akumvera wailesi yakutali.
Kakangokodwa, mlandu watha.
Pulayala pakamwa, phwa, m'chitini cha khofi.
Sankanyengerera. Ngakhale lonyezimira chotani.

Chisanu chomaliza, onga unayamba kutayikira pambali pa sikelo.
Ankautola kanjere kamodzikamodzi ndi chala chonyowa,
akunamizira tebulo kuti ndi lopendekeka.
Usiku wina anandiitana pamakwerero.
"Tabwera undimverere ili."
Kawaya kankavina m'dzanja mwawo.

Ndinakalowetsa. Ndinatsinzina.
Cha kutsinde, kanthu kochepa ngati tsitsi
kanakoka waya.
"Lili bwino?"
Bodza linafika mpaka kumano.
Ndinapukusa mutu.

Anatenga pulayala ndi manja awiri,
anafinya, anafinyanso.
Mkuwa sunamve kanthu.
Ndinaika dzanja langa pamwamba pa awo.
Phwa.
Sitinayang'anane.
M'mwamba ketulo inali italira kalekale.

Mfuti anagula mwana wa a Eberhard,
amene amasiya makoko ake m'chipale kuti adzatole dzuwa.
Onga wotsala tinakapereka kupolisi, pamodzi ndi mapepala.
Mwezi wa Epulo, nyumba ili ndi chikwangwani pakhomo,
ndinanyamula zitini zisanu ndi ziwiri
kupita kwa wogula zitsulo pafupi ndi njanji.
Makilo khumi ndi limodzi.
Anawerenga ndalama akulankhula pafoni,
ndipo sizinakwane ngakhale maluwa a kumanda.

Limodzi linatsalira pansi pa mpando wa galimoto,
losatsuka, lakuda bii, lopanda chizindikiro chawo.
Sindikudziwa ngati analiyesa.
Kawaya kali m'dirowa mwanga, pambali pa masupuni.
Sindinakalowetsebe.
Pamaloboti, ndikudikira wobiriwira,
ndimangoyendetsa chikhadabo m'mizere muja,
kutsika, kukwera,
mpaka wam'mbuyo aimbe hutala.